Ophunzira udokotala akamaphunzira okha pa zidole, tiwathandize bwanji?

Woyang'anira_Ophunzira

Anzanga azaumoyo, makamaka inu amene mumalandira ophunzira m'zipatala za ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndithandizeni nzeru.

Pachipatala chathu pamabwera ophunzira udokotala kudzazolowera ntchito kwa milungu ingapo. Tili ndi kachipinda kamene tinaikamo zidole zophunzirira: tiana tiwiri ta NeoNatalie tophunzirira kutsitsimula mwana wobadwa osapuma, ndi ma ambu bag ake (timatumba topopera mpweya), MamaNatalie mmodzi, chidole chovala pamimba chophunzirira kubereketsa, ndi mkono wapulasitiki wophunzirira kubaya kanyula. Zida zilipo, chosowa ndi munthu. Woyang'anira ophunzira ndi yemweyo amene akuzungulira m'mawodi, kuitanidwa ku fiyeta, kulemba makalata otumiza odwala ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Kuima pambali pa wophunzira ola lathunthu sikutheka masiku ambiri. Tinagwirizana kuti kiyi azikhala kwa a Sisita a ku leba, ophunzira azilowa okha akapeza mpata.

Zimene zikuchitika sizikundikhutiritsa. Mlungu woyamba amalowa ndithu, wachiwiri kachipinda kamangokhala kotseka. Olowawo amabwereza zimene amazitha kale, zovuta n'kuzilambalala. Powayesa kumapeto, wina amapopa mpweya mutu wa chidole utawerama, chifuwa osakwera ngakhale pang'ono, koma ukamufunsa akuti zayenda bwino.

Kodi tikonze chiyani kuti wophunzira akalowa yekha atulukemo atapindula? Ndi ntchito ziti zimene tingamusiyire, ndipo ndi ziti zosayenera kusiyidwa popanda mphunzitsi? Nanga tidziwa bwanji kuti wafika poti angagwire wodwala weniweni? Chonde ndipatseni zogwirika, zotheka kuno kumene kulibe munthu wolembedwa ntchito yophunzitsa yokha.

Mlangizi_wa_Maphunziro

A Dokotala, vuto limeneli si la kuchigwa kokha ayi, limapezeka kulikonse kumene kuli zidole. Gwero lake n'lakuti kuphunzira wekha ndi luso palokha, ndipo ophunzira ambiri amafika m'mawodi asanaphunzitsidwe lusolo. Anazolowera kuti mphunzitsi ndiye amasankha cholinga, amaona cholakwa, amanenanso kuti basi kwakwana. Mphunzitsi akachoka, ntchito zitatuzi zimatsala zopanda mwini.

Barry Zimmerman, katswiri wa maphunziro wa ku America, anafotokoza kuti munthu wodziyendetsa bwino pophunzira amazungulira magawo atatu. Asanayambe amasankha cholinga ndi njira, ali mkati amadziyang'anira, akamaliza amaunika zimene zachitika n'kukonza za ulendo wotsatira. Ophunzira anu akuchita zapakati zokha, ndiponso mwatheka, pakuti manja akugwira koma diso silikuona. Ntchito yanu tsono ndi kukonza chipindacho kuti chiziwadutsitsa magawo onse atatu inu mulibe. Ryan Brydges ndi anzake ku Toronto anayesa zimenezi pa madokotala ophunzira kutenga madzi a pamsana, n'kufalitsa zotsatira mu 2012. Gulu lina linatsogoleredwa ndi mphunzitsi, lina linadziyendetsa lokha potsata zipangizo zimene aphunzitsi anakonzeratu. Onse anapita patsogolo tsiku lomwelo, koma patapita miyezi 3 odziyendetsa aja ndiwo anali atasunga luso lawo. Muonetsetse kuti sanangotayidwa m'chipinda, zonse zinali zokonzedwa kale.

Nditenge NeoNatalie, poti ndi pamene mwadandaula.

Wina asalowe yekha asanaonetsedwe. Tsiku loyamba perekani mphindi 45 kwa gulu lonse. Chitani ntchito yonse kamodzi osalankhula, pa liwiro lenileni. Bwerezani pang'onopang'ono mukufotokoza. Kachitatu wophunzira azikuuzani chochita, inu muzichita. Kachinayi achite yekha akutchula mokweza. Mphindi 45 zimenezi musazidumphe, chifukwa munthu akabwereza cholakwa ka 50 ali yekha, kuchizula kumadya nthawi yoposa imene munapulumutsa.

Kenako cholinga. Pakhomo pakhale mulu wa timakadi, ndipo asanagwire chidole alembe cholinga chimodzi. Akalemba kuti "kuphunzira kutsitsimula mwana" m'bwezereni, chifukwa palibe angadziwe ngati chakwaniritsidwa. Woyamba kumene alembe za kagwiridwe: m'mphepete mwa masiki mukhale pansonga ya chibwano, masiki iphimbe kamwa ndi mphuno osakhudza maso, chala chachikulu ndi chamkombaphala zigwire masiki, chapakati chikweze chibwano. Manja akazolowera apite ku zotsatira: chifuwa chikwere pa mpweya uliwonse, ka 40 pa mphindi, kwa mphindi 2, kapena mpweya woyamba ulowe masekondi 60 asanathe kuchokera pamene mwana wabadwa. Mukamuyambitsa ndi wotchi manja asanakhazikike, amathamangira nthawi n'kumangofinya thumba mwachisawawa.

Zolakwika zake zimabwerabwera zomwezo, ndiye zilembeni pakhoma. Masiki ya saizi 1 ndi ya mwana wokwana masiku, ya 0 ndi ya mwana wamng'ono. Ikakula mpweya umathawira m'mbali mwa tsaya. Dzanja likatopa limakanikiza masiki pansi, mutu n'kuwerama, njira ya mpweya n'kutsekeka. Ena poopa zimenezo amapendeketsa mutu chagada mopitirira, njira n'kutsekekanso. Mantha amafulumizitsa dzanja, choncho aziwerenga mokweza kuti "puma, ziwiri, zitatu", kufinya pa "puma". Choopsa koposa ndi chija mwachionachi, kupitiriza kupopa chifuwa chili zii. Ndondomeko yotsitsimulira ana obadwa kumene ya Helping Babies Breathe ili ndi mayankho asanu otsatizana: ikanso masiki, konza mutu, chotsa zotsekereza m'kamwa ndi m'mphuno, tsegula kamwa pang'ono, finya mwamphamvu. Ndipo ulendo uliwonse uyambe ndi kuyesa ambu bag: masiki pachikhatho, finya, umve mphamvu ya mpweya, valavu yotulutsa mpweya wochuluka itseguke, thumba lidzazenso lokha.

Tsopano za wophunzira wonena kuti zayenda bwino. Sakunama, sakuona. Kafukufuku amene David Davis ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2006 anasonyeza kuti madokotala sadziyesa molondola, ndipo amene luso lawo ndi lochepa koma amadzikhulupirira kwambiri ndiwo amaphonya koposa. Ndiye musamufunse mmene akumvera, m'patseni muyeso wochokera kunja kwa mutu wake. Foni yake ndi yokwanira. Aitsamiritse pa buku, kumbali kwa chidole, molingana ndi chifuwa, kuti mutu wa chidole ndi wotchi zioneke. Akamaliza ayambe wachonga pepala la ndondomeko asanaone kanema, kenako aone kanemayo n'kuchonganso ndi cholembera cha mtundu wina. Pamene zochonga ziwirizi zasiyana ndi pamene pali cholinga cha mawa, ndipo achilembe kuseri kwa kadi asanatuluke.

Za nthawi, mphindi 15 katatu pa mlungu zimaposa kuunjika zonse Loweruka limodzi. Carol-anne Moulton ndi anzake mu 2006 anaphunzitsa madokotala a opaleshoni kusoka timitsempha, ena maphunziro anayi tsiku limodzi, ena limodzi pa mlungu kwa milungu 4. Omwazikana aja ndiwo anachita bwino poyesedwa pambuyo pake.

Mzamba_EastBank

Zikomo Aphunzitsi, ndikuvomereza zambiri. Ndionjezere za kuno kwathu, ndi yankho la funso lachiwiri la a Dokotala.

Chidolecho chichoke m'kachipinda. Chidole chotsekeredwa, kiyi n'kukhala m'thumba la munthu amene ali kalikiliki ndi mayi wobereka, chili ngati khasu losungidwa kudenga nthawi ya dzinja. NeoNatalie mmodzi akhale ku leba, pafupi ndi tebulo lenileni lotsitsimulira ana, m'ndowa yokhala ndi chivundikiro chifukwa cha makoswe ndi fumbi. Pachipatala cha Haydom ku Tanzania anapeza kuti maphunziro a tsiku limodzi anathandiza azamba kuchita bwino pa chidole koma sanasinthe zochitika pa ana enieni. Atayamba kubwereza kwa mphindi zochepa mlungu uliwonse pamalo antchito pomwepo, imfa za ana m'maola 24 oyamba zinatsika. Komanso tisaiwale kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo kachipinda ka malata nthawi ya nkhomaliro palibe angakhalemo n'kumaganiza bwino. Ikani nthawi ya m'mamawa lipoti lisanayambe, kapena dzuwa litapendeka. Zidole zothira madzi muzikhuthula ndi kuziumitsa pamthunzi mukafuna kuzisunga, apo ayi m'kati mumachita nkhungu, ndipo dzuwa limaziumitsa mpaka kung'aluka.

Pa zoti musiye ziti, ine ndimasiyanitsa motere. Pali ntchito imene chidole chimayankha chokha: chifuwa chakwera kapena ayi, madzi adontha kapena ayi, nambala yagwirizana kapena ayi. Imeneyo asiyireni. Pali ina imene chidole chimangokhala chete ngakhale ukupweteka munthu. Mwana wodzera matako, mapewa okanirira, kuchotsa nsengwa ndi dzanja: wophunzira angakoke mutu wa chidole ndi mphamvu yoti pa mwana weniweni iwononge mitsempha ya mkono, chidole n'kutuluka bwinobwino, iye n'kusangalala. Zimenezo pakhale mzamba kapena dokotala nthawi zonse, mpaka dzanja lake mutalidziwa.

MamaNatalie safuna munthu mmodzi, amafuna atatu: wovala, wochita, ndi wogwira wotchi ndi pepala. Azisinthana. Pamene ophunzira amalakwitsa ndi pa wovala, chifukwa pomvera chisoni mnzake amalimbitsa chiberekero msanga n'kutseka magazi. M'patseni kadi yochokera mu envelopu, imene wochita sanaione. Ina inene kuti chiberekero chikhale chofewa, magazi ayambe pang'onopang'ono, akapanda kusisita m'masekondi 60 onjezerani, mulimbitse pokhapokha wasisita ndi kupereka oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero. Ina inene kuti chiberekero n'cholimba koma magazi akutulukabe, kuti afufuze kung'ambika kwa njira. Ina nsengwa ikhale yoperewera. Popanda maenvelopu, ophunzira amazolowera kuti kutaya magazi kulikonse ndi chiberekero chofewa, ndipo pa mayi wong'ambika adzasisita mpaka kalekale. Wogwira pepala alembe nthawi ya chilichonse: kuitana thandizo, kusisita, oxytocin 10 IU wotengedwa mu firiji, makanyula awiri aakulu, diripi, tranexamic acid wochepetsa kutaya magazi 1 g m'mtsempha kwa mphindi 10 pasanathe maola 3 chibadwire mwana, katheta m'chikhodzodzo, kuona nsengwa ndi njira. Pamzere womaliza palembedwe nthawi imene anaganiza zoitana ambulansi. Kuno mzere umenewu ndi wolemera. Kukwera mtunda wa ku Thabwa popita ku Blantyre kumatenga nthawi, ndipo tonse tinaona pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 kuti msewu ungadulidwe usiku umodzi. Kadi imodzi inene kuti ambulansi siifika, apitirize ndi kufinya chiberekero ndi manja awiri.

Pali kaphunziro kena kotsika mtengo kamene munthu angachite yekhayekha: kuyerekeza magazi. Thirani madzi ofiira oyezedwa, 300 ml, 500 ml ndi 1000 ml, ena pa chitenje, ena pa mapadi, ena m'beseni. Nambala yeniyeni ibisike pansi pa kadi. Wophunzira alembe kaye yake, kenako avundukule. Diso limachepetsa magazi, makamaka akachuluka, ndipo chitenje chakuda chimabisa koposa. N'chifukwa chake kafukufuku wa E-MOTIVE wa 2023, ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anagwiritsa ntchito pepala lapulasitiki lokhala ndi mizere yoyezera pamodzi ndi kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi, ndipo mavuto aakulu a kutaya magazi anatsika ndi 60 pa 100 alionse. Wophunzira akaona yekha kuti anati 400 pamene panali 1000, sadzaiwalanso.

Magnesium sulphate, mankhwala a mayi woyembekezera wokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, nayenso ndi wa tebulo lodziyesa. Ikani mabotolo otha odzazidwa madzi ndi masirinji. Atenge 8 ml ya 50%, ndiwo 4 g, aonjezere 12 ml ya madzi a jakisoni kuti ikhale 20 ml ya 20%, yopita m'mtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi zosachepera 5. Kenako 10 ml, ndiwo 5 g, thako lililonse, ndi 1 ml ya lignocaine wa 2%. Atchule zitatu zoyang'ana asanaperekenso: kupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, bondo likudumpha pogogoda, mkodzo wosachepera 30 ml pa ola. Mayankho akhale mu envelopu yomata.

Nkhani ya ulemu tiinene poyera. Wamng'ono sangauze wamkulu, kapena mnzake amene amadya naye mbale imodzi, kuti walakwa. Amangoti "mwayesetsa achimwene". Musalimbane ndi khalidwe limeneli, ingochotsani kuweruza pa ntchito ya woonerera. Iye awerenge zimene waona basi: "munayamba kusisita pa sekondi 95, katheta sanatchulidwe." Woweruza akhale wochita mwini wake. Ndipo wovala chidole alankhule ngati mayi weniweni, alire, afunse za mwana wake, ngati amatha Chisena alankhule Chisena. Wophunzira wochokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ayambire pamenepo kufotokozera mayi zimene akumuchita, ndi kupempha wina womasulira mawu akamuthera.

Woyang'anira_Ophunzira

Zikomo Aphunzitsi, zikomo a Sisita. Chidole tichisamutsira ku leba. Chatsala ndi cha mlungu wachiwiri chija. Ophunzira amafunsa ngati zimenezi zibwera pa mayeso, ndipo chimene amafunitsitsa ndi siginecha m'buku lawo. Kodi tiwakakamize ndi kaundula wa olowa, kapena pamenepo tapha kudziyendetsa kumene tikufunako?

Kilinikoofesa_Bangula

A Dokotala, kaundula wa olowa ndikukana. Mukawerenga maulendo, mudzalandira maulendo: munthu adzalowa, n'kulemba dzina, n'kukhala pa foni mphindi 15. Sayinirani kadi yodzazidwa, yokhala ndi cholinga, muyeso umene unapezeka, chimene chinavuta, ndi chimene adzachite ulendo wotsatira. Kadi yonena kuti zonse zinayenda bwino isalandire siginecha, chifukwa ikusonyeza kuti cholinga chinali chophweka kwambiri.

Chimene chimabweza wophunzira ku chidole mlungu wachiwiri ndi wodi. Pozungulira m'mawa, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene manja kapena mutu wake unakakamira pa wodwala, ndipo chimenecho chikhale cholinga cha tsikulo. Mawa pa lipoti anene m'chiganizo chimodzi zimene anapeza. Zimatenga mphindi 2 pa munthu, koma chidole chimaleka kukhala phunziro lapadera lopikisana ndi tulo.

Kuno odwala athu amatiuza okha zoyenera kukhala pa tebulo: malungo aakulu, kutsekula m'mimba, mabala. Zambiri mwa izi ndi masamu ndi manja, ndipo wophunzira angadziyese yekha bwino lomwe.

Artesunate, jakisoni wa malungo aakulu. Mwana wosakwana 20 kg amalandira 3 mg pa kilo, woposa pamenepo 2.4 mg pa kilo, pa ola 0, 12 ndi 24. Botolo la 60 mg la mtundu wobwera ndi bicarbonate limasungunulidwa ndi 1 ml ya bicarbonate, kuligwedeza mpaka madzi ayere, kenako 5 ml ya saline ngati akupita m'mtsempha, kuti pakhale 10 mg pa ml, kapena 2 ml ngati akubayidwa pamnofu, kuti pakhale 20 mg pa ml. Mwana wa 10 kg ndiye 30 mg, 3 ml m'mtsempha. Zolakwika ndi zinayi: kugwiritsa 2.4 pa mwana wamng'ono, kuthira saline ufa usanasungunuke, kusokoneza kasungunulidwe ka mtsempha ndi ka mnofu, ndi kusunga wotsala kuti adikire ola la 12 pamene ayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe ola limodzi. Konzani makadi a masikelo osiyanasiyana, mayankho kuseri, ndipo akoke madziwo mu sirinji ndithu, osangolemba. Pakadi yomweyo onjezani shuga wotsika: 5 ml pa kilo ya dextrose wa 10%, ndipo ngati pali wa 50% yekha, gawo limodzi la iye ndi magawo anayi a madzi a jakisoni. Mwana wa 10 kg ndiye 10 ml kuphatikiza 40 ml.

Diripi ya kolera. Mliri wa 2022 ndi 2023 unationetsa kuti ambiri amadziwa nambala za Plan C, ndondomeko ya diripi kwa wotha madzi kwambiri m'thupi, pamtima koma satha kuzisandutsa madontho. Mwana wa zaka 3 wolemera 12 kg amafunika 100 ml pa kilo ya Ringer's lactate: 360 ml m'mphindi 30 zoyamba, 840 ml m'maola awiri ndi theka otsatira. Pa chubu cha madontho 20 pa ml, gawo lachiwirili ndi madontho 112 pa mphindi, kapena 28 pa masekondi 15. Pachikani thumba lakale lodzaza madzi a pampopi, wophunzira akonze kagudumu ka chubu, alembe mzere pa thumba, madziwo adonthere m'kapu yoyezera, abwere pakatha mphindi 30. Ayenera kupeza pafupifupi 170 ml. Akapeza 90 kapena 300, kapu yamuuza, simunafunike inu. Aonanso yekha kuti liwiro limasintha thumba likakwezedwa kapena chubu chikapindika, ndiye chifukwa chake diripi timaibwerera kawirikawiri. Pakati pa makadiwo bisanimo imodzi ya mwana wonyentchera kwambiri, kuti aphunzire kuima: ameneyo sapatsidwa madzi mwa liwiro limeneli, mtima wake sungapirire.

Kusoka angaphunzire pa siponji ya matiresi akale yokutidwa ndi nsalu, kapena chikopa cha mbuzi cha kwa ogulitsa nyama, ndipo rula ndiyo imuuze ngati mipata ya ulusi ikufanana. Singano ya m'fupa, yoperekera madzi mtsempha ukasowa, angazolowere kamvekedwe kake pa fupa la ntchafu ya nkhuku, logulidwa m'mawa ndi kutayidwa tsiku lomwelo chifukwa cha kutentha kwathu kuno. Koma malo obaya pa mwana, 1 mpaka 2 cm pansi pa kachotupa ka fupa la pansi pa bondo, chakum'kati pamene fupa ndi lafulati, amuonetse munthu wodziwa.

Pa mkono wapulasitiki ndili ndi chenjezo. Mitsempha yake ndi yaikulu, siithawa, ndipo mabowo a anzake amamuonetsa pobaya. Wophunzira angapambane ka 20 n'kudziona katswiri, n'kukalephera pa mwana wouma thupi. Mkonowo ugwire ntchito ya ndondomeko yokha: kumanga, kupukuta, kulowa mopendekeka pang'ono, kuona magazi, kutsitsa singano n'kulowa pang'ono pokha, kukankha kanyula osati singano, kumasula chomangira, kutaya singano m'bokosi nthawi yomweyo. Ambiri amaphonya pa kutsitsa ndi kulowa pang'ono paja, chifukwa nsonga ya singano imakhala italowa m'mtsempha koma kanyula isanalowe. Ndondomeko ikakhazikika apite kwa wodwala, inu kapena namwino ali pambali.

Za makanema, Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu koma pakhale lamulo. Ajambule chidole chokha, ku leba kusaoneke nkhope kapena bedi la mayi aliyense. Kanema wa mnzako satumizidwa pa gulu la WhatsApp popanda chilolezo chake. Munthu akasekedwa kamodzi sadzajambulanso, ndipo amene amafunika kanema koposa ndiye woyamba kuthawa.

Mlangizi_wa_Maphunziro

Achimwene a ku Bangula anena zoona pa lamulo la makanema, ndipo kapu yoyezera ija ndi chitsanzo chabwino cha muyeso wosafuna mphunzitsi.

Ndiyankhe pamodzi funso la mlungu wachiwiri ndi lija loti tidziwa bwanji kuti wophunzira wafika pogwira wodwala weniweni. Thandizo lanu lizichepa mwadongosolo. Mlungu woyamba zolinga muwapatse ndinu, zolembedwa kale. Wachiwiri asankhe okha pa mndandanda, koma afotokoze chifukwa. Kuyambira wachitatu alembe zawo kuchokera ku wodi ndi ku makanema awo. Kamodzi pa mlungu khalani ndi aliyense mphindi 10, makadi ake ali patebulo, mum'funse kuti anafuna chiyani, anadziwa bwanji kuti wafika kapena sanafike, ndipo asintha chiyani. Dziletseni kumuuza yankho msanga. Akanena kuti chifuwa sichimakwera, funsani kuti pa kanema mutu unali bwanji.

Mayeso akhalepo ndithu, ndipo adziwike tsiku loyamba. Wofunsa ngati zibwera pa mayeso muyankheni kuti inde, ndi pepala lomwelo limene ali nalo m'manja. Kudziyendetsa sikufa ndi mayeso, malinga ngati muyeso ndi woonekera ndipo njira yofikirako akusankha yekha. Wophunzira ndiye anene kuti wakonzeka, inu mum'yese mphindi 5. Pa pepalapo mizere ina ikhale yosakambirana: pa NeoNatalie, kuyamba mpweya m'masekondi 60, chifuwa kukwera, ndi kukonza chikapanda kukwera. Akaphonya umodzi mwa imeneyi sanadutse, ngakhale ina yonse ili bwino. Palibe chilango, abwerere pakatha masiku awiri ndi kadi yosonyeza zimene wakonza. Akadutsa, agwire wodwala pamaso pa wamkulu. Mlungu womaliza muyeseninso mosamuchenjeza, chifukwa luso lopopa mpweya limafwifwa msanga likapanda kubwerezedwa.

Asanayesedwe, alembe papepala kuti akuganiza kuti apeza zingati, ndipo musunge nambala ziwirizo, yake ndi yanu. Amene nambala zake zikuyandikira zanu mlungu ndi mlungu mungamusiyire zambiri. Amene amadzipatsa 18 inu mukumupatsa 11, kawiri motsatizana, asaphunzirenso yekha kwa kanthawi. M'phatikizeni ndi mnzake wa diso lakuthwa, muonere naye kanema wake inu nomwe, muziimitsa pamalo pamene mwasiyana, ndipo mum'funse kaye chimene akuona musananene chanu. Palinso wina wosaoneka msanga, amene amadzipatsa 9 pamene wapeza 17 ndipo sanena konse kuti wakonzeka. Ameneyo muikireni tsiku la mayeso ndinu, apo ayi milungu yake idzatha asanagwire mwana ngakhale mmodzi.